Mkate wa mgonero: thupi lenileni kapena chizindikiro chabe?

Nachisale_wakuDedza:
Abale ndi alongo, pali kanthu kandikhala pamtima. Sabata yatha tinaika maliro a apongozi anga aakazi. Ine ndine wa CCAP chibadwire, amuna anga ndi Akatolika, takhala m'banja zaka 14, Lamulungu aliyense amapita kwake ndipo sitinayambanepo chifukwa cha tchalitchi. Pamaliropo ndinagona pasiwa masiku atatu, kuphika ndine, kutunga madzi ndine. Misa itafika polandira, katekisita analengeza kuti apite kutsogolo Akatolika okhaokha amene akonzeka. Ine ndinali nditaimirira kale, alamu anga n'kundikoka chitenje. Ndinakhala pansi ngati mwana wogwidwa dzanja lili mumphika wa ndiwo. Madzulo ndikudandaula, abambo akunyumba anati, "Kwathu lija ndi thupi lenileni la Yesu, kwanu ndi chizindikiro, ndiye ukanati Ameni pa chinthu chimene sukhulupirira." Ndiye ndikufunsa, ndani akunena zoona? Yesu si mmodzi yemweyo?

KabazaWaChikhristu:
Pepani ndi maliro amayi. Koma yankho n'losavuta. Yesu anati "chitani ichi chikumbukiro changa". Chikumbutso basi. Zina zonsezo n'zowonjezera anthu.

MwanaWaMphakati:
Achimwene a Kabaza, mwayambira pakati pa chiganizo. Asananene zimenezo anati chiyani? "Tengani, idyani, ichi ndi thupi langa." Sananene kuti ichi chikuimira thupi langa.

KabazaWaChikhristu:
Ananenanso kuti "Ine ndine khomo". Ndiye tikagule mahinjesi ndi loko?

Mai_aChisomo:
Kkkkk a Kabaza inu, pano pali namfedwa, chepetsani.

MwanaWaMphakati:
Sekani, koma werengani Yohane 6 yense. Pamene ananena za khomo palibe anathawa chifukwa chakuti waganiza kuti Yesu ndi thabwa. Koma pamene anati thupi langa ndi chakudya ndithu, mwazi wanga ndi chakumwa ndithu, anthu anang'ung'udza kuti mawu awa ndi osautsa, ndipo ophunzira ambiri anabwerera m'mbuyo osayendanso naye. Likanakhala fanizo, akanawaitana n'kuwauza kuti bwererani, simunandimvetse. Sanatero. Anacheukira khumi ndi awiri aja n'kuwafunsa ngati nawonso akufuna kuchoka. Komanso kuyambira vesi 54 liwu la Chigiriki limene lilipo si kudya wamba, ndi la kutafuna, monga mmene timachitira ndi chimanga chokazinga.

KabazaWaChikhristu:
Pitirizani mpaka vesi 63. Wopatsa moyo ndiye mzimu, thupi silithandiza konse.

Mphunzitsi_wopuma:
Ana anga, mavesi awiri amene mukuponyeranawa anthu anaponyerana kale zaka pafupifupi 500 zapitazo, ndipo onsewo anali oti achoka mu Chikatolika. Mu Okutobala 1529, kalonga wina wa ku Germany, Philip wa ku Hesse, anaitana Martin Luther ndi Ulrich Zwingli wa ku Zurich kuti akakumane ku Marburg. Iye ankafuna kuti Aprotestanti akhale amodzi chifukwa ankaopa mfumu yaikulu Charles V. Panali mfundo 15. Pa 14 anagwirizana bwinobwino. Ya 15 inali ya mgonero, ndipo pamenepo mpamene panathyokera khasu. Luther analemba ndi choko patebulo mawu akuti "ichi ndi thupi langa" m'Chilatini, nati sasuntha. Zwingli anati liwu lakuti "ndi" pamenepa likutanthauza "chikuimira", ndipo vesi limene anatsamira ndi lomwelo la a Kabaza, Yohane 6:63. Anawonjezera kuti thupi la Yesu linakwera kumwamba, lili kudzanja lamanja la Atate, silingakhale pamatebulo chikwi nthawi imodzi. Anasiyana osagwirizana. Patangopita zaka ziwiri, mu 1531, Zwingli anafera kunkhondo ku Kappel.

Ndiye amayi a ku Dedza, amuna anu alakwitsa pang'ono ponena kuti kuli mbali ziwiri zokha. Luther sanali kumbali ya Papa, komabe ankakhulupirira kuti thupi ndi mwazi zilimodi mu mkate ndi vinyo, kungoti mkatewo sumaleka kukhala mkate. A Lutheran mpaka lero amaphunzitsa zimenezo.

MkuluWaMpingo_Nkhoma:
Zikomo aphunzitsi. Ine ndiwonjezere chimodzi chimene chimandipweteka ngati mkulu wa mpingo. Akhristu athu ambiri a CCAP ukawafunsa amayankha ngati a Kabaza, kuti ndi chikumbutso chabe. Chimenecho si chiphunzitso chathu. Ife mizu yathu ili kwa John Calvin wa ku Geneva, amene anaima pakati. Sinodi ya Nkhoma inachokera ku Dutch Reformed Church, amene anayamba ntchito ku Mvera mu 1889, ndipo anabwera ndi chiphunzitso cha katekisimu wa ku Heidelberg wa mu 1563. Mmenemo akunena poyera kuti mkate susanduka thupi, monganso madzi a ubatizo sasanduka mwazi. Koma akunenanso kuti monga m'kamwa mwako mukulandiradi mkate, moyo wako ukudyetsedwadi ndi Khristu mwa Mzimu Woyera. Ndiye kuti Khristu alipo, timamulandira ndithu, koma ndi chikhulupiriro, osati ndi mano. A Blantyre ndi a Livingstonia anachokera ku Scotland, kwawo kuli chivomerezo cha Westminster, koma pa nkhani iyi mfundo yake ndi yomweyo.

Taganizani, chikanakhala chikumbutso chabe, bwanji timamuimitsa munthu mgonero akalakwa? Bwanji timakhala ndi mapemphero okonzekera? Munthu samuletsa kukumbukira. Paulo pa 1 Akorinto 11 akuti wakudya kosayenera adzakhala wochimwira thupi ndi mwazi wa Ambuye, nati n'chifukwa chake ambiri afooka, adwala, ena agona. Mawu amenewo ndi olemera kuposa chithunzi chapakhoma.

Nachisale_wakuDedza:
A Mkulu, ine kalasi ndinalowa ndili ndi zaka 15, mayankho tinaloweza ngati nyimbo kuti tipambane basi. Zimene mwanenazi ndikuzimva lero.

MkuluWaMpingo_Nkhoma:
Vuto ndi lathu amayi, osati lanu. Timafunsa kadi ya mgonero ndi chopereka, osafunsa ngati munthu akumvetsa chimene akudya.

Joni_Boy:
Koma a CCAP musadziyeretse apa. Mayi anga anakhala zaka zisanu osadya mgonero chifukwa chofulula mowa wamasese kuti atilipirire fizi. Onse amatsekera anthu kunja, kungosiyana chifukwa chake.

KabazaWaChikhristu:
A Mkulu, za chithunzi mwazinyoza msanga. Ine m'chikwama changa muli chithunzi cha malemu mayi anga. Ndikakuonetsani ndimati "awa ndi amayi anga", sindinena kuti pepala ili likuimira amayi anga. Ndipo wina atachilavulira tikhoza kumenyana. Ndiye chizindikiro si chinthu chopepuka. Yesu analankhula mawu aja atakhala pomwepo, thupi lake lili chikhalire, mkate uli m'manja. Petro anaona zinthu ziwiri, osati chimodzi.

MwanaWaMphakati:
Apa mwayankhula bwino kusiyana ndi za mahinjesi zija. Koma chithunzi simudya achimwene.

Sisitere_wakale:
Ndikufuna ndifotokoze zimene Mpingo wa Katolika umaphunzitsa, chifukwa ngakhale Akatolika anzanga amazinena mokhota. Sitinena kuti ukatenga Ukaristia, mkate wa pa Misa uja, n'kupita nawo ku labu apeza nyama. Apeza tirigu. Kukoma kwake, fungo, kulemera, zonse zimakhala za mkate, ndipo vinyo uja utamwa wambiri ukhoza kuledzera. Zimenezo timazitcha maonekedwe. Chimene chimasintha ndi chimene chinthucho chili mkati mwenimweni. Wansembe akanena mawu a Yesu aja, ukafunsa kuti ichi n'chiyani, yankho silikhalanso mkate, ndi Khristu yense wamoyo, m'maonekedwe a mkate ndi vinyo. Liwu lake ndi transubstantiation. Linalowa m'zolemba za msonkhano wa maepiskopi wa ku Lateran mu 1215, katswiri wa zaumulungu Thomas Aquinas analifotokoza mozama, ndipo msonkhano wa ku Trent unalitsimikiza mu 1551 poyankha a Luther ndi anzawo.

Koma chikhulupirirocho sichinayambe 1215. Ignatius wa ku Antiokeya, akupita kukaphedwa ku Roma cha m'ma 110, analembera Akhristu a ku Smurna kudandaula za anthu ena amene ankakana Ukaristia chifukwa sankavomereza kuti ndi thupi la Mpulumutsi. Justin, cha m'ma 150, analemba kuti chakudyachi sitichilandira ngati mkate wamba. Awa ndi anthu oyandikana ndi nthawi ya atumwi.

Amayi a ku Dedza, alamu anu akanatha kukuuzani dzulo lake mwaulemu, osati kukukokani chitenje pagulu. Pamenepo analakwa. Koma dziwani kuti pabenchi simunatsale nokha. Mkatolika amene ukwati wake sunadalitsidwe, kapena amene ali ndi tchimo lalikulu ndipo sanalape, nayenso amakhala pansi.

Mphunzitsi_wopuma:
Asisitere anena zoona za Ignatius, koma tisaiwale kuti mkangano unaliponso mkati mwa Chikatolika momwemo. M'zaka za m'ma 800, m'nyumba imodzi ya amonke ku Corbie ku France, Radbertus ankati ndi thupi lomwe lija linabadwa mwa Maria, mnzake Ratramnus ankati timalilandira mwauzimu. Ankadyera patebulo limodzi anthu amenewa. Berengar wa ku Tours, amene ankatsamira mbali ya Ratramnus, ndiye anaona zakuda, anamukakamiza kubweza mawu ake mu 1059 ndiponso mu 1079. Augustine, episkopi wakale wa ku Hippo, naye mbali zonse ziwiri zimamukokera kwawo, chifukwa pena amalankhula za chizindikiro, pena za thupi.

Joni_Boy:
Ine funso langa ndi lina. Kumudzi kwathu mgonero tinkamwa Sobo wosungunula, mkate wake buledi wa pagolosale wodula timabokosi. Kuno ku Johannesburg tchalitchi chimene ndimapita amatipatsa kakapu kapulasitiki komata, pamwamba pali kabisiketi, umangosenda ngati yogati. Ndiye Sobo uja anali mwazi kapena ayi?

Mai_aChisomo:
Kwathu inali Cherry Plum kkkk. Ana tinkadikirira mabotolo kuseri kwa vestile.

WaSabata_Malamulo:
Ife a Seventh Day timagwiritsa ntchito madzi a mphesa osasasa ndi mkate wopanda chotupitsa, kamodzi pa miyezi itatu. Kwa ife ndi zizindikiro, koma zopatulika. Ndipo ndikufunseni nonse amene mukulimbana ndi liwu lakuti "ndi": pa Yohane 13 Yesu anati inunso muyenera kusambitsana mapazi. Amenewo ndi mawu omveka opanda fanizo. Ife timatenga beseni ndi thaulo tisanadye mgonero. Inu bwanji?

MwanaWaMphakati:
Timachita pa Lachinayi Loyera.

WaSabata_Malamulo:
Wansembe yekha, anthu khumi ndi awiri, kamodzi pachaka. Enanu mapazi ali m'nsapato.

Mphunzitsi_wopuma:
Za madzi a mphesazi n'zatsopano kuposa mmene ambiri amaganizira. Kale madzi a mphesa ukangowasunga ankasasa okha. Mu 1869 Thomas Welch, wa mpingo wa Methodist ku America, ndiye anapeza njira yowawiritsa kuti asasanduke mowa, chifukwa ankadana ndi zoledzeretsa m'tchalitchi. Ku Korinto anthu ankaledzera pa mgonero, Paulo akunena yekha, ndiye sanali madzi a zipatso amenewo.

AlimiAkuNtchisi:
Ine chimene chimandidabwitsa n'chakuti Yesu anatenga chakudya cha tsiku ndi tsiku cha kwawo. Kwathu tirigu timangomuona pang'ono m'madera ngati ku Ntcheu ndi ku Neno, mphesa ndiye n'zosowa. Akanabadwira ku Ntchisi sakananyema nsima n'kudalitsa thobwa?

Sisitere_wakale:
Funso limeneli akatswiri a zaumulungu a mu Africa alifunsapo kwambiri. Koma lamulo la Mpingo ndi lakuti ukhale mkate wa tirigu ndi vinyo wa mphesa, popanda zimenezo palibe Misa. Ndipo onani kuti zikugwirizana ndi nkhani yathuyi. Amene amati ndi chizindikiro savutika kusintha, chifukwa chizindikiro chimangofunika kuti anthu achimve. Amene amati n'chenicheni amaopa kusuntha ngakhale kamodzi pa zimene Ambuye anagwira m'manja.

AlimiAkuNtchisi:
Komatu sanabadwire ku Roma asisitere.

Admini_2:
Abale, za nsima ndi thobwa mutsegule mutu wake. Wina watumizanso malonda a feteleza, ndafufuta. Tibwerere ku funso la amayi.

MkuluWaMpingo_Nkhoma:
Ndibwerere ndi nkhani imene inandichitikira. Chaka china titatha mgonero, mkate unatsala wambiri chifukwa mvula inaletsa anthu a m'midzi yakutali. Tili mu vestile akulu anayi, mbale ili patebulo, tinayamba kuyang'anana. Wina anati tipatse ana ali panjawa. Mkulu wina wachikulire, amene moyo wake wonse ankaphunzitsa kuti mkate ndi mkate, anagwira mbale ija ndi manja awiri nati, "Ana ayi." Wina anati ndiye tikataye kudzala. Anati, "Kudzala ayi, nkhuku zingatole." Mapeto ake tinakhala pansi n'kudya tokha mwakachetechete, zipewa zili pamaondo, nyenyeswa anazikulunga m'pepala n'kukazikwirira kuseri kwa tchalitchi. Pobwerera ndinamufunsa kuti akulu, si inu mumati ndi buledi wamba? Anangoti, "Wamba anali m'mawa."

Kuyambira tsiku limenelo ndikafuna kudziwa chimene mpingo umakhulupirira za mgonero sindifunsa abusa, ndimaona chimene amachita ndi zotsala.

MwanaWaMphakati:
Mkulu ameneyo anatsala pang'ono kukhala Mkatolika kkk. Kwathu zotsala zimasungidwa mu tabernakulo, kabokosi kapadera ka m'tchalitchi, pambali pake nyali imayaka usana ndi usiku, ndipo n'chifukwa chake timagwada polowa. Bambo mfumu amatsuka chikho ndi madzi n'kumwa madziwo, osataya. Ndili mtumiki wa pa Misa, Ukaristia unagwa pansi kamodzi gogo wina akulandira. Bambo anautola n'kuudya pomwepo, pamalopo anaphimba ndi kansalu koyera mpaka Misa itatha kuti pasapondedwe.

MkuluWaMpingo_Nkhoma:
Ayi achimwene, sanatsale pang'ono. Kulemekeza ndi kwina, kupembedza ndi kwina. Ife mkate sitiugwadira. Pamenepo mpamene pali phompho lenileni pakati pathu, chifukwa ngati inu mukulondola, ife tikudutsa Ambuye osagwada, koma ngati ife tikulondola, inu mukugwadira chinthu chophikidwa ndi manja. Katekisimu wa ku Heidelberg pa funso 80 amalankhula mawu owawa kwambiri za Misa, sindiwabwereza pano pamaliro.

Sisitere_wakale:
Ndikuyamikani kuti mwanena mosabisa. N'zoona, nkhaniyo ndi yaikulu motero.

Mlikoma:
Ife a Anglican tikungomwetulira, chifukwa mkanganowu uli m'nyumba mwathu momwe. Mfundo 39 za mpingo wa ku England, nambala 28, zimakana transubstantiation. Koma amishoni a UMCA amene anakhazikika pa Likoma mu 1885 anali a mbali yoyandikira Chikatolika, ndiye ife tinakula tikunena kuti Misa, tikufukiza lubani, tikugwada, tikupita kukalandira m'mimba muli pululu. Mlongo wanga ali ku London anakalowa tchalitchi cha Anglican chomwecho, anapeza abusa avala shati, mkate akuyendetsa m'mbale ngati ku CCAP. Anatuluka kukawerenganso chikwangwani.

Joni_Boy:
Nanga a Mboni? Anzanga kuntchito anandiitana ku Chikumbutso chawo, mbale inadutsa holo yonse palibe anadya.

WaSabata_Malamulo:
Iwo amachita kamodzi pachaka, pa Nisani 14 pa kalendala ya Ayuda, ndipo amadya okhawo amene amadziona kuti ali m'gulu la 144,000. Ena onse amangoonerera.

KabazaWaChikhristu:
Ndifunse mopanda chipongwe. Mkatolika wamba wa kumudzi, amene sanamvepo za Aquinas, amakhulupiriradi zimene asisitere afotokozazi? Ku America kafukufuku wa bungwe la Pew wa 2019 anapeza kuti mwa Akatolika atatu alionse, mmodzi yekha ndiye ankati mkate umasandukadi thupi, enawo ankati ndi chizindikiro. Ndiye alamu a amayiwa mwina anakoka chitenje cha munthu amene amakhulupirira zofanana ndi theka la amene anali pamzere.

MwanaWaMphakati:
Kumeneko ndi ku America. Agogo anga sadziwa kulemba dzina lawo, koma tsiku limene anadwala n'kulephera kupita ku Misa analira mpaka katekisita anawabweretsera Ukaristia kunyumba. Anatiuza kuti tisese, tiyale nsalu patebulo, tizimitse wailesi, kukubwera Mlendo. Aquinas samudziwa, koma chimene akulandira amachidziwa.

Mai_aChisomo:
Ine agogo anga a Chigwirizano cha amayi a CCAP ankasala nsima Loweruka madzulo mgonero ukakhala mawa, n'kuyenda nyumba ndi nyumba kupepesa amene anakangana nawo. Nawonso ankadziwa.

AlimiAkuNtchisi:
Nthawi ya korona ija 2020 mpamene ndinaona zoseketsa. Amene ankati ndi mwazi wa Yesu sungapatsire matenda anali oyamba kubwera ndi kapu yawoyawo m'thumba.

Sisitere_wakale:
Amene ananena zimenezo sanamvetse. Ndanena kale kuti maonekedwe sasintha, kachilombo kakhoza kukhala pamlomo wa chikho ngati pa kapu ina iliyonse. N'chifukwa chake nthawi imeneyo ambiri tinkalandirira m'manja, osati palilime.

Nachisale_wakuDedza:
Ndawerenga zonse, zina kawiri. Usiku ndinawaonetsa abambo akunyumba zimene a Mkulu analemba za Calvin, anati sankadziwa kuti ifenso timati Khristu alipo. Ine ndinawafunsa ngati iwo amagwadiradi mkate uja podziwa kuti ndi Yesu, anati eya, kuyambira ali ndi zaka 8. Zaka 14 m'nyumba imodzi, tinali tisanafunsanepo. Kunena zoona ine sindingathe kunena Ameni mmene iwo amanenera, ndiye mwina kukhala pansi kuja kunali koyenera. Koma chitenje chija chikundiwawabe. Apongozi anga ndinkawasambitsa ndine miyezi isanu ndi umodzi akudwala, alamu angawo ali ku Lilongwe.

Tsopano vuto lina ndi ili: mwana wathu woyamba ali ndi zaka 9, bambo ake akufuna ayambe maphunziro a Ukaristia woyamba, ine ndinkafuna adzalowe kalasi kwathu.

Mai_aChisomo:
Iiii amayi, imeneyo ndiye itsegulireni mutu wakewake.

Sisitere_wakale:
Mwezi wa mawa kukakhala Misa yokumbukira apongozi anu, funsani bambo mfumu isanayambe. M'maparishi ena amalola amene salandira kubwera pamzere atapingasa manja pachifuwa kuti angodalitsidwa. Si paliponse, ndiye funsani kaye.

KabazaWaChikhristu:
Ndipo muvale diresi tsiku limenelo amayi, alamu asowe pogwira.